Ma Ampeya Asanu a Ibtihal

Ine ndine bambo a Sarmad. Kuno ku Karrada aliyense amandidziwa, ndipo aliyense ananditukwanapo. Ndimayendetsa jenereta ya dera lathu. Magetsi a boma akathima, nyumba zana limodzi ndi makumi anayi zimadalira ine. Nyumba iliyonse ili ndi waya wake wochokera pa bolodi langa, ndi buleka yake yolembedwa nambala. Mukapitirira ma ampeya anu, mlingo wa magetsi umene ndinakupatsani, buleka imagwa, ndipo mumakhala choncho mpaka ine nditaidzutsa. Anthu ndimawadziwira pamenepo. Wagula simbi yatsopano osandiuza ndimamudziwa, wonama kuti anangoyatsa babu limodzi ndimamudziwanso.

Nambala 63 ndi nyumba ya malemu Talib, mnzanga wa paubwana, amene ankalemba zikwangwani za masitolo ndi burashi. Nyumbayo ili pa ma ampeya asanu. Talib anasiya mkazi, amake Laith, ndi ana awiri. Laith ali ku Sweden, chaka chino ndi chakhumi ndi chimodzi. Wamkazi ndi Ibtihal, ndipo ndi amene ndikufuna kunena za iye.

Ibtihal anatengera dzanja la bambo ake, n'kutengeranso kuuma mutu kwawo. Ntchito yake ndi kujambula pakompyuta zipinda ndi makhitchini asanamangidwe, kuti mwini nyumba aone kabati idzakhala pati, dzuwa lidzalowera pati. Ankagwira ku kampani ina ya akalipentala, pa makina a abwana. Kenaka amayi ake anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanzere n'kufa. Panafunika munthu wowatembenuza, wowamwetsa madzi, wowagwira popita kuchimbudzi, ndipo Ibtihal sanafune kuti akhale mlendo. Abwana ake, a Rafid, sanakane koma sanabisenso mawu. Anamupatsa masabata atatu kuti ajambule nyumba ya dokotala wina ali kunyumba. Zikakanika, mpando wake panali ena ouyembekezera.

Kalaputopu kake kankatentha ngati chiwaya akangotsegula chipinda chimodzi. Ndiye anati amanga yekha kompyuta, pomwe anali asanamangepo ngakhale wailesi. Anaonera mavidiyo, n'kumagula zida chimodzichimodzi ku msewu wa Sinaa. Laith atamva, anatumiza mphatso kudzera mwa munthu wina wobwera pa ndege. Inali khadi ya zithunzi, chida chija chimasenza ntchito yonse yojambula ndi ya magemu. Ine ndinaiona. Inali yaikulu ngati njerwa, ya mafani atatu, yowala mitundumitundu.

Anamaliza kulumikiza Lolemba, mwezi wa Julayi. Cha m'ma 2 koloko masana magetsi a boma anathima, ine n'kuliza jenereta. Sipanathe mphindi khumi, 63 inagwa. Ndinaidzutsa, inagwanso. Ndinaidzutsa kachitatu ndikutukwana, n'kuyamba wapansi kupita kwawoko, mtima utapsa.

Nditalowa, kupsa mtima konse kunathera pakhomo. Amake Laith amagona m'chipinda cha pansi, pafupi ndi mubarida, bokosi lija la madzi limapemerera mphepo yozizira. Mubarida inali itaima, buleka itagwanso. M'chipindamo munali ngati mu uvuni wa buledi, ndipo mayiyo ankapuma ndi pakamwa, nkhope itachita psuu. Ibtihal ankawapukuta ndi nsalu yonyowa.

Titawakhazika bwino, tinatuluka pabwalo.

"Iwe mwana wa Talib, wayika chiyani pa waya wanga? Makina owotcherera zitsulo?"

"Ndi kompyuta, ankolo."

"Kompyuta yanji yodya ngati ng'ombe? Mubarida imadya awiri. Filiji imodzi ndi pang'ono. Mababu ndi intaneti theka. Watsala ndi chiyani?"

"Imodzi ndi theka," anayankha, maso ali pansi. Kenaka anadzutsa mutu. "Ndiwonjezereni awiri."

"Ndiwatenge kuti? Jenereta ija ndi nkhalamba ngati ine. Inadzaza kalekale. Ndikakupatsa iwe, mawa bambo a Haidar ali pakhomo, mkucha msewu wonse. Ikapsa tonse tiphikika. Uzigwira ntchito magetsi a boma akabwera."

"Amabwera maola awiri n'kuthawa. Chithunzi chimodzi chikadukira pakati ndiyambirenso."

"Ndiye bwerera ku ofesi, upeze mayi wowasamala."

Anandiyang'ana momwe ankandiyang'anira Talib ndikanena zopanda mutu. Anangoti, "Ndibwerekeni choyezera chanu."

Ndili ndi chida choyezera magetsi, chija chotsegula kukamwa ngati chala cha nkhanu. Ukapana waya chimakuuza ma ampeya amene akudutsa. Sindibwereketsa munthu, ngakhale mwana wanga Sarmad. Koma ndinamupatsa, n'kumupangiranso kachingwe kafupi kolekanitsa mawaya kuti azipana umodzi. M'mawa mwake mkazi wanga anakakhala ndi odwala, ine n'kumuperekeza Ibtihal ku Sinaa. Ndinati ndikukasamala chida changa, koma kunena zoona ndinkafuna kuona.

Ku Sinaa anthu amagula ndi maso. Anyamata amafunsa khadi yothamanga kwambiri, bokosi la galasi, magetsi ophethira. Ibtihal analowa mu sitolo ya Nameer, munthu wonenepa wokonda nthabwala, n'kuika khadi ya Laith pa tebulo.

"Ndikufuna kusinthanitsa ndi yaing'ono."

Nameer anaigwira ngati khanda. "Yafa?"

"Ndi yamoyo. Yagwira ntchito mphindi khumi."

"Chemwali, anthu amalira misozi chifukwa cha khadi imeneyi. Inu mukuibweza? Ankolo, mwana wanuyu dzuwa lamuwomba?"

"Mufunse yekha," ndinatero. "Ine ndinagonja dzulo."

Ibtihal anatulutsa choyezera chija ndi kachingwe. Anamuuza Nameer kuti azilowetsa makhadi mu kompyuta yoyeserapo, imodziimodzi, n'kumatsegula chipinda cholemera kwambiri chimene anabweretsa pa fulashi. Anyamata a masitolo oyandikana anayamba kusuzumira.

"Eee, a Nameer, abwera owerenga mita!"

"Bisani ketulo!"

Iye sanaseke, sanakwiyenso. Ankangopana waya n'kuyang'ana. Khadi yoyamba anaikana. Yachiwiri, yomwe Nameer analumbira pa ana ake kuti imadya ngati mbalame, choyezera chinamutsutsa pamaso pa anthu, anyamata aja n'kufa nacho chiseko. Yachinayi inali yonyozeka, ya mafani awiri, yopanda ndi babu lomwe. Ibtihal anaiyesa kawiri.

"Imeneyi."

"Imeneyo chithunzi chomwe ya achimwene anu imamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu, idzatenga makumi anayi."

"Koma idzamaliza," anatero.

Sanalekere pomwepo. Pulosesa, ubongo wa kompyuta, imene anagula poyamba anaibwezanso, n'kutenga ina yosatentha kwambiri. Anawonjezera ramu, chifukwa ntchito yake imafuna malo ambiri ndipo ramu sidya magetsi. Pawa sapulayi, yogawira zida zonse magetsi, anasankha yabwino, yosataya mphamvu ndi kutentha. Anatenganso kabokosi ka batire kosunga kompyuta m'masekondi aja magetsi a boma athima ine ndisanalize. Mafani owala amene Nameer ankafuna kumupatsa ulere anawasiya pa tebulo. Potuluka, Nameer anatithamangira ndi tiyi m'manja, n'kufunsa motsitsa mawu kuti choyezeracho amagulitsa kuti.

Chovuta chinali Laith. Anaimba madzulo ake ine ndikadali pomwepo, ndipo Ibtihal sanabise. Mawu ake ankamveka mpaka pakhomo.

"Wasinthanitsa? Mphatso yanga? Ibtihal, ine ndinayenda masitolo atatu kufuna yabwino koposa!"

"Ndikudziwa, achimwene."

"Sukudziwa! Ndimafuna tizisewera mpira ngati kale, iwe uko ine kuno. Kodi china chimene ndingachite ndili kuno n'chiyani? Amayi sindingawanyamule. Ndatumiza chinthu chimodzi, iwe wakapereka kwa mavenda."

Ndinaona kuti zamulasa Ibtihal, chifukwa awiriwa anakulira pa kanema imodzi, akulimbirana zogwirira masewero mpaka Talib kuwalanda.

"Achimwene, mwaiwala kutentha kwa Julayi," anatero. "Kwanuko mumangobaya pulagi pakhoma."

Laith anadula foni.

Ine zinandiwawa. Ndinafika kunyumba, therere la mkazi wanga n'kungolitakasa. Amake Sarmad anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wa Talib mwamumana ma ampeya awiri, inu mwakhala pa asanu ndi atatu." Ndinawakalipira kuti za jenereta sazidziwa. Koma mawa lake ndinakagula buleka ya asanu ndi awiri. Jenereta sindikanaiwonjezera katundu, zimenezo zinali zoona. Koma ndikanatha kutsitsa nyumba yanga ndi awiri n'kumupatsa iye, ife n'kuzimitsa mubarida ya kuchipinda chathu. Amake Sarmad anati tizigona padenga ngati makolo athu. Sindinamuuze Ibtihal, chifukwa ndinkadziwa yankho lake.

Iye anamasula zonse n'kuyambiranso. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pansi pafupi ndi bedi la amayi ake, tizomangira atatiika m'mbale ya tiyi, akupaka kamafuta koziziritsa pa pulosesa mosamala ngati akupaka wanja m'maso. Chala chinali chitachekeka ndi lata la bokosi. Amayi ake akaitana ankasiya, kukawatembenuza, kusamba m'manja, n'kubwerera pomwe analekeza. Kompyuta inakana kuyaka kawiri. Kachitatu anapeza kuti ramu imodzi sinalowe bwino. Masiku otsalawo anajambula magetsi a boma akakhalapo, koma zithunzi zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi zinafunika kuti kompyuta izimalize motsatizana Lachitatu, tsiku lomaliza, ndipo panalibe zozemba jenereta.

Lachitatu kunatentha moti phula linkamata ku nsapato. Kutatsala pang'ono 2 koloko, magetsi a boma anathima. Ndinaliza jenereta, n'kukaima patsogolo pa bolodi, choyezera nditapana pa waya wa 63. M'thumba la kumanja munali sikuludiraiva, la kumanzere buleka yatsopano ija. Ndinali nditatsimikiza kuti ikangogwa kamodzi, ndisintha osafunsa munthu.

Choyezera chinati anayi ndi pang'ono. Chinakwera. Foni yanga inalira, bambo a Haidar akudandaula za buleka yawo, ine n'kuwauza kuti azimitse simbi asanandiphe ndi bodza. Maso sanachoke pa 63. Filiji yawo itadzuka, manambala analumpha kupitirira asanu, mtima wanga n'kulumpha nawo, kenaka anatsika n'kukhazikika pa anayi ndi theka. Ndinaima pamenepo ola lathunthu, thukuta likulowa m'maso, utsi wa dizilo ukundikola. Buleka khumi ndi ziwiri zinagwa masana amenewo. Ya 63 sinagwedezeke.

Ndinapita kwawoko dzuwa litapendeka. Chitseko chinali chotsegula. Mubarida inkapemerera, ndipo amake Laith anali mtulo, pakamwa potseka, tsitsi likugwedezeka ndi kamphepo. Pa tebulo kompyuta inkang'ung'udza motsitsa, bokosi lakuda lopanda chokongola chilichonse. Pa sikirini panali khitchini ya dokotala uja, dzuwa likulowa pa zenera n'kugwera pa matailosi, moti ndinatsala pang'ono kufuna mpando.

"Chachinayi chimenecho," Ibtihal ananong'ona. "Ziwiri zoyamba ndatumiza kale. A Rafid ayankha kuti ndiyambe kuganizira za nyumba ina."

Foni yake inali itatsamira pa pilo, itayang'ana odwala. Pa foniyo panali nkhope ya Laith. Anali ataimba kuti apitirize mkangano, mlongo wake n'kungoitembenuza foniyo kuti aone amayi ake akugona. Mwana wamwamuna wamkulu, wa ndevu, ankapukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Ankolo, muli bwanji?" anatero, mawu atasasa. Kenaka kwa mlongo wake, "Lachisanu tisewere. Ndikuchinya ngakhale pa kakhadi kakoko."

"Mubwere ndi mpango wopukutira misozi," Ibtihal anayankha.

Pamene ndinkawerama kuti ndione bwino chithunzi, anaona thumba langa litatukumuka.

"Ankolo, m'thumbamo muli chiyani?"

"Fodya."

"Munasiya fodya bambo anga ali moyo."

Ndinaitulutsa n'kuiika pa tebulo. Anawerenga nambala yake, ndipo anadziwa pompo kumene awiriwo akanachokera, chifukwa iyenso anakulira m'dera lino. Maso ake anadzaza misozi, koma anaikankhira kwa ine ndi chala chochekeka chija.

"Mukawauze amake Sarmad agone m'chipinda mwawo. Asanu atikwanira."

Ndinkafuna kumukalipira kuti ndi wouma mutu ngati bambo ake. Nthawi yomweyo amake Laith anatsegula maso. Anandiona, n'kudabwa kuti munthu wa jenereta akuchita chiyani m'nyumba nthawi ya ntchito. Kulankhula kumawavuta chigwereni, ndiye tonse tinadikira mawu atuluke limodzilimodzi.

"Bambo a Sarmad... lero magetsi... sanathime?"

Anali atathima maola atatu apitawo. Ndinabwezera buleka ija m'thumba.

"Sanathime, mlamu," ndinatero. "Gonani."