Tsiku Limene Ndinakhuthula Disiki ku Moatize

Chapa ya ku Moatize, minibasi yathu ija, inanyamuka pa Zobwe Lachisanu dzuwa lisanatuluke, phiri lathu likadali m'chifunga. Ine ndinali pampando wakumbuyo, mawondo ali kuchibwano, m'jekete muli kakatoni ndi mametikali 3,500 osokereredwa ndi ulusi. Amene mumandidziwa mwayamba kale kuseka: madala Simawo, wolekeza kalasi yachitatu kwa ansembe, kukagula zamkati mwa kompyuta. Sekani, mano ndi anu.

Mwana wanga Rozaria ali ndi kaloja pafupi ndi malire, komwe amalembera anthu makalata pa kompyuta ndi kusindikiza. Kompyutayo mwamuna wake anaigula masiku amene malasha a ku Chipanga ankalipira bwino, ndipo yakalamba ngati ine: ukaiyatsa, pita kumjigo, ubwere, uipeza ikudziwongolabe. Sabata imeneyo inayamba kulira kwe kwe m'mimba n'kumazima yokha. Tsono adiretoro, akulu a pa shikola, anali atamupatsa Rozaria, koyamba, ntchito yolemba pa kompyuta mayeso a makalasi onse, ofunika Lolemba. Akalephera, ntchitoyo ipita kwa wina ndipo siidzabweranso, pomwe makalata okhaokha sagula ngakhale inki.

Rozaria anati chadwala ndi disiki. Yakaleyo ili ndi kambale kozungulira mkati ngati galamafoni, ndipo pafunika yamakono yotchedwa SSD, yopanda chozungulira chilichonse. Pa Zobwe siipezeka. Iye anali ndi khanda la masabata awiri, mwamuna ali pamsewu wa ku Beira ndi lole. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga umayang'anira bulu usanamusenzetse mazira. Kenako anadula katoni molingana ndi disiki yakaleyo n'kulembapo zilembo zake.

"Papa, ndalama ndi zomwezi, zina palibe. Ikhale yofanana ndi kakatonika. Akakuonetsani yowonda ngati bango muikane, mwathumu siilowa."

Kobradolo, wotolera ndalama m'chapamo, anatenga mametikali 300. Ndinamufunsa ngati mawondo anga alipire padera, popeza anali atalowa kale mumsana wa mayi wakutsogolo. Anati madala akamadandaula ndiye kuti ali moyo.

Pa Musakama, pamphambano ya ku Angonia, tinaima kuti anthu agule mbatata. Pamenepo ndi kwathu. Ndinagulitsapo mbatata zaka zambiri nsana usanandikane. Bambo wina wataye anagula chidebe chathunthu osakhuthula, akumwetulira zikuluzikulu zapamwamba. Ndinangomupempherera chamumtima.

Kuchoka apo msewu umatsika, ndipo chisanu chimakutsanzika. Pofika ku Kambulatsitsi kunja kunali milambe, mbuzi ndi matumba a makala, jekete langa litasanduka mdani. Kulivula sindikanatha, munali chuma cha mwana. Ndinagula masau a mametikali khumi pazenera kuti ndinyenge ludzu. Amene ndinakhala naye pafupi anali bambo wa malaya a mizere yowala, akubwerera kuntchito ku Benga. Atamva za ulendo wanga anandilangiza mwaulere kuti ndigule ya nambala yaikulu, chifukwa pa madisiki jiga ndi mwana, tera ndiye bwana. Ndinathokoza. Malangizo a m'chapa amakoma ngati masau, koma nthangala yake sumeza.

Tinalowa m'Moatize dzuwa litakwera ndithu. Fumbi la kumeneko ndi lakuda, ukapukuta thukuta mpango umakufunsa ngati unagona m'ng'anjo. Sitima ya malasha inkadutsa, ndipo ndinawerenga mabogi mpaka masamu anga a kalasi yachitatu anatha, iyo isanathe.

Loja yoyamba inali ya magalasi, mkati mozizira ngati kwathu mwezi wa chisanu. Mtsikana wa mmenemo anayang'ana kakatoni kanga mwaulemu n'kutchula mametikali 5,000 pa ya jiga 512. Ndinakhalamo pang'ono kuti ndizizidwe mwaulere, kenako ndinatuluka.

Kuseri kwa msika ndinapeza kachipinda kokonzeramo makompyuta. Mwini wake, a Fernando, ndi munthu wa imvi zoyamba kumene, amene ankayendetsa zimagalimoto za mumgodi mpaka ntchito inatha. Anandilonjera m'Chinyungwe, "Muli tani, baba?" ine n'kuyankha m'Chinyanja, tinamvana bwinobwino. Anayala madisiki awiri pathebulo. Ina yakuda, yopanda mangolomera, jiga 256, mtengo 2,800. Ina yonyezimira ngati golide, matera awiri, mtengo 2,000 basi. Ndinaziyeza ndi kakatoni, zonse zinakwanira. Ndinaziyeza m'manja, zonse zopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu. A Fernando anati umo ndi momwe zimakhalira, ndipo yagolideyo imalowa katundu kasanu ndi katatu kuposa inzake.

Sindinama, mtima unathamangira kugolide. Ndinadziona ndikutsika chapa pa Zobwe ndi tera m'dzanja ili, chenji m'dzanja ilo. Koma chachikulu chotchipa kuposa chaching'ono ndinachionapo kale, ndipo nthawi zina wochikonza ndinali ine ndemwe, Mulungu andikhululukire. Mbatata zikuluzikulu pakamwa pa thumba, pansi timiyala ndi zowola.

"Thirani," ndinatero.

"Ndithire chiyani, baba?"

"Chilichonse chimene mumathira mmenemu. Mudzaze, kenako mundionetse zapansi."

Anaseka mpaka anagwira thebulo. Analumikiza yagolideyo ndi kachingwe n'kundionetsa pagalasi kuti kompyuta yomwe ikuvomereza: matera awiri. Ndinati thumba nalo limalembedwa makilo makumi asanu, koma wolemba si sikelo. Anati kudzaza matera awiri kungatenge mpaka mawa. Ndinati ayambe, tione pofikira, ndipo imodzi mwa ziwirizo ndigula ndithu, asaope kutaya tsiku. Anapukusa mutu, nayamba kuthiramo mafilimu onse amene anali nawo.

Ndinapita kukadya. Pau awiri, ndiye buledi wa kuno, nyama ya mbuzi yowotcha ndi maheu, mametikali 100. Mbuzi ya ku Tete imadya minga ndi masau, n'chifukwa chake imakoma kuposa yathu yonenepa ndi udzu. Mayi wogulitsayo anandifunsa ngati ndabwera kudzafuna ntchito kumgodi. Ndinati ayi, ndabwera pa za makompyuta. Anandiwonjezera nthuli imodzi, kaya mwaulemu kaya mwachisoni.

Patapita maola awiri ndi theka ndinabwerera. A Fernando anatsegula filimu yoyamba, Atchaina akumenyana bwinobwino. Yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Anandiyang'ana ngati akuti mwaona. Ndinati zimenezo ndi zapakamwa pa thumba, atsike. Anatsegula ya pakati: galasi bii. Ina, bii. Zonse zotsatira mayina analipo, mkati mulibe kanthu. Munthu uja anasiya kuseka. Anatenga sikuludiraiva n'kusegula golideyo pamaso panga. Mkati munali kakhadi kofanana ndi chikhadabo changa, komatidwa ndi guluu, kwinako mphepo.

Anaika sikuludiraiva pathebulo. Kenako ananena motsitsa mawu kuti anagula khumi kwa wamalonda wina wodutsa, ndipo ziwiri wagulitsa kale kwa anthu owadziwa, ayenera kuwafunafuna lero lomwe. Sindinamuseke. Ndinkaganiza za mayeso a Rozaria akulowa m'dzenje limenelo, mayina alipo, mafunso palibe, Lolemba m'mawa.

Yakudayo anaidzaza yekha ine osamuuza. Inadzaza mpaka pakamwa theka la ola lisanakwane, ndipo kulikonse komwe ndinaloza ndi chala, pamwamba, pakati, pansi, filimu inatseguka. Anandichotsera 300, nalemba pepala loti ikavuta miyezi itatu isanathe ndiibweze, n'kudindapo chidindo. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Chapa yobwerera inakwera mapiri ikulira ngati ikupepesa, ndipo tinafika pa Zobwe dzuwa likulowa. Rozaria anaitembenuza disikiyo, nawerenga.

"256 yokha, Papa? Yaikulu panalibe?"

"Inalipo, mwanawe. Ndinaikhuthula."

Loweruka m'mawa anandipatsa khanda kuti ndilinyamule, iye n'kusegula mimba ya kompyuta ndi manja ake, timisomali atatindandalika pambale. Ine ndinangoti kukamwa yasa, kuti mwana amene ndinkamunyamula pamwamba pa matumba wafika apa. Kusamutsa zake zonse kunatenga mpaka masana. Atayatsa, ndinayamba kuyetsemula, ndipo ndisanapukute mphuno kompyuta inali itadzuka kale ikudikira ntchito.

Ulendowu wandiphunzitsa kuti katundu amasintha mayina, koma wogula amene akuchita manyazi kufunsa amalira chimodzimodzi m'zinenero zonse. Jiga sindimudziwa mpaka lero, ndipo sanandilume.

Rozaria analemba Loweruka kuyambira masanawo mpaka usiku, ndi Lamulungu titaweruka ku Misa. Lolemba m'mawa mayeso anafika ku shikola, ndipo adiretoro amusungira kale a chigawo chamawa. Ndamva kuti ana a kalasi yachisanu ndi chiwiri anatuluka m'masamu akutukwana aphunzitsi awo. Ana inu, aphunzitsi asiyeni. Amene anaonetsetsa kuti funso lililonse lifike pamaso panu ndine, ndipo sindikupepesa.