Tsiku limene ndinakana kuthowa mwendo wa Mma Seleka

Amene andiumiriza kulemba izi ndi Mayi Chirwa a ku mvano kwathu ku Extension 2, muno mu Gaborone. Akuti, "Anaphiri, nkhani ya mwendo umene ukanapha munthu m'manja mwanu ija, ena aimvenso." Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6 ku Ntcheu, ndiye muwerenge mondikhululukira.

Ntchito ya m'nyumba kwa Mma Seleka anandipezera mlamu wanga amene amalondera kudera la The Village, mu mzinda womwewu. Ndinali nditangofika ku Gaborone, Chitswana ndikudziwa moni wa dumela basi. Mma Seleka, gogo amene kale ankaphunzitsa ku yunivesite, anali atangowachita opaleshoni, kuchotsa bondo lakutha n'kuikamo lachitsulo. Ine mpaka ndinafunsa ngati silichita dzimbiri m'katimo. Anaseka mpaka misozi.

Madokotala ankachita kafukufuku woona ngati anthu otere angachire bwino ali kunyumba. Anatipatsa tabuleti ndi kachipangizo konga wotchi komanga pabondo, kouza anesi mmene bondo likupindikira. M'mawa uliwonse ndiyeze kutentha kwa thupi, ndijambule bala, nditumize kwa Sisitala Gondwe, nesi wa ku Rumphi, wamfupi koma mawu ngati wapolisi. Zala zanga zokhakhala ndi sopozi tabuleti inkazikana. Ndinkachita kunyowetsa chala ndi mate Mma akayang'ana kumbali!

Sabata yachiwiri, Loweruka m'mawa, mwendo uja unatupa kumbuyo, m'munsi mwa bondo, wotentha, wonyezimira. Kwathu chotupa timathowa. Mayi anga anathowa mudzi wonse, a njinga, a mpira, ongobereka kumene. Mma nawonso akuti, "Bweretsa madzi otentha, undisisite." Madzi ndinatereka, thaulo ndinatenga, ndagwada kale. Koma ndikuyang'ana, chotupacho chili kutali ndi bala. Mtima unakana. Ndinajambula, ndatumiza.

Madzi asanazizire, tabuleti yalira, nkhope ya Sisitala iyo. "Anaphiri, thaulo limenelo pansi! Musasisite, asayendenso. Ambulansi ikubwera."

Mma anakwiya. "Bwana muno ndani, ine kapena galasilo? Kuchipatala sindibwererako!"

Ine ndinawatsutsa ndithu, munthu wamkulu, wophunzira chonchija. Ndinanyamula beseni, madzi onse ndakathira panja. Ndati, "Mma, mundichotse ntchito mawa, lero ayi." Njira yonse mu ambulansi nkhope analozetsa kukhoma.

Atawaunika anapeza magazi ataundana mu mtsempha. Dokotala anati ndikanasisita, chibuma chimenecho chikanatha kusuntha n'kukatseka m'mapapo. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Anawapatsa mankhwala osungunula magazi, anagona masiku angapo. Potuluka anandigwira dzanja, "Ke a leboga, mosadi wamakani iwe." Ndiye kuti zikomo, mayi wamakani iwe.

Chaka chisanathe tinakayenda ku Mokolodi kukaona nyama, Mma opanda ndodo, ine wa mabondo anga obadwa nawo ndikutsalira m'mbuyo ndikupuma wefuwefu. Panopa anesi akakhala ndi wodwala wa bondo kapena chiuno chatsopano, amaimbira ine. Ndimaphunzitsanso atsikana ogwira ntchito m'nyumba kujambula bala pamalo owala, osati chithunzi cha bulangeti.

Kuthowa sindinasiye, mwana akabinya phazi ndimathowa ndithu. Koma mwendo wa opaleshoni ukatupa, manja kumbuyo, funsani nesi kaye. Mukawerenga musasunge, tumizirani anzanu onse osamala odwala m'manyumba, kuno ndi kumudzi komwe.