Ny ndi Nh pa Komputadolo Yathu

Nditabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndinapeza ntchito ya ulembi pa sukulu ina ku Insaca. Kutayipa ndinakuphunzirira ku kampu ya othawa nkhondo, pa makina ogogoda aja. Patapita zaka zingapo tinalandira komputadolo, ndipo tinkaifunditsa chitenje kuopa fumbi.

Ntchito yanga inali kulowetsamo mayina a ana onse. Vuto linkabwera pofufuza. Ana obadwira ku Malawi anabwera ndi mapepala olembedwa mwa kalembedwe ka kumeneko, pomwe aphunzitsi athu ankalemba mwachipwitikizi. Pamene kuja amalemba "ny", kuno timalemba "nh". Kuja "w", kuno "u". Tsiku lina mayi wina anapalasa njinga kuchokera ku Chiuta kudzatenga chikalata cha mwana wake, komputadolo n'kundiuza kuti mwanayo kulibe.

"Kulibe?" anatero mayiwo akuseka. "Nanga amene ndamusiya akuyanika nsomba uja ndi wa ndani?"

Ndinachita kukamupeza m'mabuku akale, dzuwa litapendeka.

Mwezi wotsatira kunabwera mayi wokonza makomputadolo kuchokera ku Cuamba. Atamaliza ntchito yake anatiitana: ine, aphunzitsi aakulu, ndi aphunzitsi a masamu, Msilamu wa kunyanja.

"Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa, imene mumaiona mukangoyatsa, amailemba anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana," anatero. "Amalandira maganizo kwa wina aliyense. Inu mukufuna awonjezeremo chiyani?"

Tinayang'anana. Sitinazolowere kufunsidwa. Zaka zonse zija zinthu zinkangobwera ife n'kulandira, kaya ndi ufa, kaya ndi mabulangete.

Anayamba ndi aphunzitsi aakulu. "Izipereka moni. Ulemu wanji umenewu, munthu ukungofika iyo n'kumakufunsa mawu achinsinsi?"

Aphunzitsi a masamu anapempha kuti iziwakumbutsa nthawi ya swala, mapemphero awo aja. Ine ndinanena ziwiri. Choyamba, izisunga yokha zimene ndalemba, chifukwa jenereta ikazima ntchito ya m'mawa wonse inkapita. Chachiwiri, ndikafufuza dzina ndi "ny", izindibweretseranso la "nh".

Mayiyo analemba zonse, ngakhale za monizo, osaseka. Anati akazimasulira m'Chingerezi n'kuzitumiza ali ku Cuamba, poti kwathu intaneti inali isanafike.

Mvula inagwa, misewu inaduka, ife tinaiwala. Kutayamba kuuma tinangomuona mayi uja akutsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, kachimbale kali m'chikwama.

Za kusunga yokha anati zinalimo kalekale, zinkangofuna kudina pamalo pena. Manyazi anandigwira, koma ndinaseka nawo. Za swala panalibe amene anayankha. Aphunzitsi a masamu anangoti, "Palibe kanthu, dzuwa silinasamuke." Koma za mayina zija, bambo wina wa kudziko lakutali anayankha kuti nakonso kwawo dzina limodzi limalembedwa pawiri, ndipo mayiyo anathandizana naye kupanga kachida kofufuzira.

"Yesani, achemwali," anandiuza.

Ndinalemba dzina la mtsikana wina wa kalasi yachinayi ndi "ny". Linatuluka, ndi "nh" wakeyo. Ndinayesa lina, linatulukanso. Ndinaimba nthungululu muofesi ya boma, aphunzitsi ena mpaka kutuluka m'makalasi kudzaona.

Moni uja anauikamo yekha mayiyo. Kungoti komputadolo inkalemba "Mwadzuka bwanji" ngakhale masana. Aphunzitsi aakulu ankaiyankha ndithu: "Ife taswera bwino, kaya inu amene mukudzuka kumene."

Sabata imeneyo ndinazindikira kuti ana ena tinawalemba kawiri, ngati anthu awiri osiyana, ndipo ndinatha masiku atatu ndikukonza. Kenako tinakhoma msomali pambali pa tebulo n'kupachikapo kabuku, kuti aliyense amene waganiza chinthu azilembamo. Tsamba loyamba linadzaza lisanafike Lachisanu. Ngakhale mlonda wathu, amene sanagwirepo komputadolo, anandiuza kuti ndimulembere kuti izichenjeza mvula ikayandikira.