Bulangeti la Mwana pa Khoma la Situdiyo

Linali Loweruka lomaliza la Juni, cha m'ma fifitini awazi, pamene ndinatsika minibasi pa Silverest nditasenza mtolo wa mathireyi a mazira. Amuna anga ndiwo anandituma ku msika wa Chongwe m'mawa kuti ndikapemphe mathireyi otha ntchito, akhome kudenga kwa situdiyo yawo yojambuliramo nyimbo kuti mawu asamabwerere. Anati mwana ndimusiye chifukwa kunja kukuzizira. Ndinamusiya.

Situdiyoyo chinali chipinda chathu chogona. Timakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu imene amuna anga amalondera. Eni nyumbayo ndiwo anawapatsa kompyuta yakale imene inkangodya fumbi m'galaja. Ukaiyatsa, unkatha kutsuka mbale zonse isanadzuke, ndipo fani yake inkalira ngati chigayo chakutali. Mnzawo wina, mnyamata woimba rapu, anabweretsa pulogalamu yojambulira mawu pa fulashi, maiki ogulidwa kwa munthu ndi mahedifoni omata ndi selotepi.

Sindinakane. Ndine ndinasoka sokosi yanga yopyapyala pa waya wa hang'ala kuti mpweya wa m'kamwa usamawombe maiki. Bedi tinalitulutsa, tinayamba kugona pansi m'chipinda chochezera. Amuna anga atati mawu akubwerera kuchokera kukhoma, ndinawapatsa mabulangeti awiri. Anatenganso lachitatu, la mwana, la buluu lokhala ndi tiabakha, nalikhoma ndi misomali inayi. Mu Juni! Mwana ndinkamufunditsa zitenje ndi juzi yanga. Ndinawalekerera chifukwa anandilonjeza kuti adzajambulanso nyimbo yanga imene ndimaimba pochapa. Pamaso pa anthu sinditha kuimba, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo.

Vuto linali lakuti kompyutayo sinkatha zambiri. Akaisenzetsa mawu ochuluka inkangouma, osayankha, zonse n'kutayika. Malaiti nawonso ankabwera ndi kupita mmene afunira. Tsono akapeza mpata wojambula, mwana akalira kapena kumenya supuni pa mbale, maiki ankatola zonse, iwo n'kuyambiranso. Mwanayo anali ndi chaka ndi miyezi itatu. Kompyuta ikauma ankaisisita ngati mbuzi yodwala. Mwana akatsokomola ankandiyang'ana ine.

Tsiku limenelo nditalowa m'nyumba ndinamva zii. Beseni la mwana panalibe. Tinsapato take, kapu yake, chikwama cha kusikelo, zonse panalibe. Amuna anga anali pampando atavala mahedifoni akudikira malaiti, ndipo anandiuza osatembenuka kuti amayi awo anabwera masana n'kumutenga, apita naye kumunda kwawo ku Chalimbana. Anati wakula, akaleke kuyamwa, ndipo pakapita masabata awiri adzakhala ataiwala bere.

Ndikudziwa kuti ana amapita kwa ambuye awo akamaleka kuyamwa. Inenso ndinapita. Koma amake mwana ndiye amanena kuti nthawi yakwana, amamukonzekeretsa, amamuperekeza. Ine anandituma mathireyi. Ndinaima m'msika kupempha ngati wamisala, amayi ogulitsa mazira akundiseka kuti kodi ndayamba kuikira, pamene apongozi anga ankalongedza matewera m'nyumba mwanga.

Ndinatula mtolo pansi. Iwo anaona ngati ndavomera.

Cha m'ma seventini awazi malaiti anabwera, mnzawo uja naye anafika. Anandiuza kuti nyimbo yawo ikufuna mawu a mkazi pa kolasi, mizere iwiri yokha.

"Mulamu, manje mwapumula," anatero mnyamatayo akuseka. "Kabwana kanu kapita ku holide. Imbani monga simunabalepo."

Anandiveka mahedifoni n'kundiimika kutsogolo kwa sokosi yanga ija. Mabere anali atalimba ngati miyala, akuwawa mpaka m'khwapa. Biti itayamba, mkaka unatuluka wokha, bulauzi n'kunyowa mbali zonse ziwiri. Mnyamata uja anayang'ana kudenga. Amuna anga sanaone kanthu, maso anali pa kompyuta, akundikodola ndi chala kuti ndiyambe. M'mahedifoni ndinkamva kupuma kwanga ndi fani ija. Kutsogolo kwanga, pakhoma, panali tiabakha.

Sindinaimbe. Ndinalankhula, ndipo mawu anga anatuluka m'sipika aakulu kuposa mmene ndinawamverapo.

"Atate ake a mwana, ici cinthu cimalira tsiku lonse, simunacipereke kwa amayi banu. Mwana wanga alira pang'ono cabe, mwamucotsa monga wailesi. Munanifunsa? Niyankheni, munanifunsa?"

Amuna anga anathimitsa biti. Anati ndisawachititse manyazi pamaso pa mlendo, ndi masabata awiri okha, ndipo nyimbo ikatchuka ndidzawathokoza. Anawonjezera kuti yangayo tijambula mawa, popeza tsopano m'nyumba muli bata. Pamenepo m'pamene mtima unanditentha kwenikweni. Ankaganiza kuti nyimbo ija ndingaiimbe mwana atachoka, pamene ndimaiimba ali kumsana, akundikoka tsitsi.

Ndinavula mahedifoni n'kutuluka. Kuseri kwa nyumba ndinakamira mkaka m'kapu, ndikulira ndi ukali, n'kuuthira patsinde pa mpapaya. M'nyumba biti inayambanso. Kenako inaima pakati, kompyuta itauma, ndinamva akuitukwana. Nthawi imeneyi panalibe wina woti amuyang'ane.

M'mawa mwake ndinadzuka iwo akadali mtulo. Ndinalowa m'situdiyo n'kukwera pampando wawo. Misomali itatu inazuka ndi supuni, wachinayi unakana, ndiye ndinangokoka, bulangeti n'kung'ambika pakona. Mabulangeti enawo ndinawasiya, sokosi ndinaisiya, mathireyi ali pomwe ndinawatula. Amuna anga anadzuka ndikumanga chitenje, anafunsa kumene ndikupita ndi bulangetilo.

"Nipita kukayamwitsa," ndinatero. "Tikabwera, mwana azagona mu cipinda cake, azalira mmene afunira. Kompyuta yanu muipezere ambuye ake."

Sindinadikire yankho. Ndinapinda bulangeti, ndinaika nsalu ziwiri m'kati mwa bulauzi kuti ndisanyowe m'njira, ndipo ndinayenda mpaka kumsewu waukulu kukadikira minibasi yopita cha ku Chongwe.