Galu wa a Harold

Dzanja limodzi ndinamugwira nalo pakhosi, lina ndikumupaka oilo. Oilo wakuda, wokhetsa m'injini. Galuyo sanalire. Anangondiyang'ana.

Kwathu ku Linthipe timatero. Galu akagwidwa mphere umapempha oilo wakale kwa amakaniko, n'kumupaka thupi lonse. Ine ndimagwira ntchito pa garaja ku Tottenham, kuno kudziko la azungu. Oilo sindinachite kupempha.

Galuyo si wanga. Dzina lake ndi Bisiketi. Mwini wake ndi a Harold, mzungu wachikulire amene mkazi wanga, mayi a Tadala, ankawasamalira. Miyendo itawakana, anawapititsa ku nyumba yosungira okalamba ku Ilford. Kumeneko galu sagona. Amaloledwa kukacheza Lamlungu, akakhala waukhondo. A Harold anapempha kuti tiziwasungira galuyo. Mkazi wanga anavomera. Ine sanandifunse.

Kuyabwa kunayamba mu Epulo, mitengo ya m'paki itachita maluwa. Ankanyambita mapazi mpaka kufiira. Kenako makutu, kenako mimba. Pofika Juni ubweya unkatsala pa kapeti, ndipo fulati yonse inkanunkha. Nesi wa ku Ilford anatibweza pakhomo. Anati tibwere naye zilonda zikapola. A Harold anali pawindo la m'mwamba. Anakweza dzanja. Tinabwerera.

Oilo uja ndinamupaka sabata yomweyo.

M'mawa mwake anasanza. Khungu linatupa, likutentha ngati lata la padzuwa. Mayi a Tadala, pochokera ku shifiti, anaima pakhomo la bafa.

"Bambo a Tadala, mwamutani galu wa eni?"

"Mankhwala."

"Kuno ndi ku Linthipe?"

Ndinamukulunga m'thawulo n'kukwera naye basi. Kuchipatala cha ziweto kunali zii. Anthu atakhala pamzere, amphaka ali m'timabokosi pamiyendo. Pakona panali galasi lodzaza madzi, tinsomba tofiira tikuzungulira. Ndinatiyang'ana mpaka ndinaiwala komwe ndili. Ndinaona msewu wa fumbi, ngolo ikuyenda pang'onopang'ono, agalu owonda akuitsatira m'mthunzi wake. Kenako wina anaitana, "Bisiketi Phiri." Galu wa mzungu anali atatenga dzina la bambo anga. Ndinaimirira.

Dokotala anali mayi wamfupi. Anamusambitsa kaye, n'kupala khungu pang'ono kukaliunika pa makina. Anati si mphere. Thupi la galuyu limadana ndi mungu wa maluwa ndi fumbi la m'nyumba, ndipo nthendayi siitha, imangogona. Za oilo anati ndi poizoni, chifukwa galu amanyambita. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Anatipatsa mapiritsi oletsa kuyabwa, ena a zilonda, sopo wamadzi womusambitsira, ndi chipewa cha pulasitiki chonga fanelo kuti asadzilume. Kuyabwa kunachepa. Koma mapiritsiwo anali ndi zawo. Ankamwa madzi ngati ng'ombe, ankakodza pa kapeti, mimba inakula. Dokotala akachepetsa mapiritsi, kukanda kumayambiranso. Chilimwe chonse tinkangopita, kudikira, kuyang'ana tinsomba tija, kubwerera.

Manesi a ku Ilford ankaimba foni. A Harold ankafunsa za galu wawo, ndipo chakudya ankasiya m'mbale.

Mu Seputembala dokotala anati tiwonjezere mafuta a njere za chamba. Chamba ndimachidziwa. Chinazunguza mutu msuweni wanga, mpaka lero amagona kumsika.

"Awa ndi ofinya ku njere za mtundu wosaledzeretsa," anatero. "Amagulitsidwa poyera, m'sitolo ya zakudya. Sachiza. Amangothandiza khungu kuti lisaume. Mapiritsi musasiye."

Ndinagula botolo. Linali ndi chithunzi cha tsamba lija. Ndinachimata ndi tepi ya ku garaja, poti anthu a mpingo akabwera amatsegula firiji ngati yawo. Mafutawo ndi obiriwira, amanunkhira ngati mtedza wauwisi. Ndinkathira pa chakudya chake muyezo umene dokotala ananena.

Poyamba sindinaone kanthu. M'mamawa ndinkapita naye ku paki ndisanalowe ntchito. Chifunga chinkabisa nyumba zonse. Mabasi ankamveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Tinkangoyenda awiriwiri, iye ndi fanelo lake, masamba akugwa. Tsiku lina ndikumupukuta mapazi, ndinamva pamimba pake pali zofewa. Ubweya unali ukumera, waufupi, ngati msipu pamalo owotcha. Dokotala anachepetsa mapiritsi. Kukanda sikunabwerere ngati kale.

Chimene chinagwira ntchito kwambiri sindichidziwa. Mwina mafuta, mwina sopo, mwina kutha kwa maluwa. Dokotala nayenso sanalumbire. Lero Bisiketi ali bwino. Mapiritsi amamwabe pang'ono, mafuta sitinasiye, ndipo Epulo akafika timapita kukamuonetsa asanayambe kukanda. Amene muli ndi galu, mukaona akunyambita mapazi pitani naye msanga. Za oilo zisiyeni. Mafuta a chambawo musagule mwa inu nokha, funsani dokotala. Ine ndinachedwa, ndipo wina anadikira pawindo chilimwe chonse.

Ku Ilford tinabwerera mu Novembala. Nesi anamutembenuza Bisiketi, anayang'ana m'makutu, anatsegula chitseko.

A Harold anali pampando, bulangeti pamiyendo, maso ali chitsekere. Anali atatha thupi. Galu anapita yekha, anaika chibwano pabondo pawo. Dzanja lawo linayenda pang'onopang'ono mpaka linalowa mu ubweya. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anatsegula maso n'kundipeza pomwe ndinaima.

"Mwandisungira bwino mwana wanga," anatero.

Mayi a Tadala anandiyang'ana, ine ndinakumbuka oilo uja. Ndinaika chingwe cha galu pabedi, ndinavala chipewa, n'kutuluka kukadikira panja.