Tsiku la Nyumba

Chowerengera masiku chimene ndinapanga chinali chozungulira ngati mbale, chodula ku katoni ya phala la konifulekisi, ndipo pakati ndinabayapo kamsomali kuti chizizungulira. M'mphepete ndinajambula zithunzi makumi awiri: ng'ona, mphepo, nyumba, buluzi, njoka, chigaza cha munthu, mpaka kukathera pa duwa. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anati Aaziteki a ku Mexico ankawerenga masiku motero, tsiku lililonse ndi chizindikiro chake ndi khalidwe lake. Mwana akabadwa pa tsiku loipa, ansembe ankadikira tsiku labwino kuti amutche dzina. Zimenezi zinandikhudza kwambiri. Ndinalemba m'dayale yanga kuti anthu amenewo anali achifundo, chifukwa tsoka ankatha kulizemba.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, teremu yanga yoyamba ku sekondale, nyengo imene masamba amayoyoka n'kumatirira pansi pa nsapato. Tinkakhala ku Erdington, kutsidya kwa nyanja, ine ndi amayi, m'kanyumba ka m'ndandanda konunkha chinyontho. Amayi anali namwino m'wodi ya okalamba. Bambo anatsala ku Lilongwe. "Mapepala akatuluka abwera," amayi ankatero. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo kunali jekete yakuda, yokhuthala, imene amayi anawagulira bambo m'sitolo ku Hanley. Inali idakali m'pulasitiki, kudikira mwini wake.

Pa sofa ya pabalaza pankagona ankolo, mng'ono wawo wa bambo. Anabwera ati kudzaphunzira, koma buku sindinawaonepo nalo. Nthawi zina ankakanyamula makatoni ku Oldbury, nthawi zambiri ankangotentha magetsi a amayi. Lamlungu ankavala nsapato zoyera, ndipo ku tchalitchi chathu chokumana mu holo yobwereka ankawatchula kuti mtumiki. Mpaka lero ndikamva mwamuna akukweza mawu popemphera, ndimayamba ndayang'ana nsapato zake.

Aphunzitsi anatipezera pa kompyuta zizindikiro za masiku athu obadwa. Langa linali duwa. La amayi linali galu, amene ankati amaolotsa akufa pamtsinje, ndipo ndinaona kuti n'zoona, poti amayi ankabwera kuchokera ku shifiti akununkha sopo wa kuchipatala, nthawi zina osafuna kuyankhula. La bambo linali mphepo, tsiku losakhazikika. Apa m'pamene ndinaganiza zochita monga ansembe aja. Ngati bambo anabadwa pa mphepo, ndiwasankhire tsiku labwino lofikira. Ndinazungulitsa katoni yanga mpaka ndinapeza tsiku la nyumba, tsiku la kupuma ndi la banja, limene linkagwa Khirisimasi itayandikira. Ndinalizunguliza ndi cholembera chofiira pa kalendala ya kukhitchini. M'mawa uliwonse ndinkasuntha chithunzi chimodzi, ndikupempheranso, chifukwa sindinkaona kuti ziwirizi zikanadana.

Tsiku lina pa chakudya ndinaulula zonse, monyadira. Amayi anaika supuni pansi. Ankolo anatenga katoniyo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Alamu, mwaiona njokayi? Nanga chigazachi? Ndiye muzidabwa kuti mapepala a achimwene akuchedwa!"

Ndinayankha m'Chingerezi, monga tinkachitira ana tonse, kuti imeneyo ndi ntchito ya kusukulu. Iwo anati Satana nayenso anaphunzira.

Lamlungu lotsatira anabwera ndi azimayi a ku tchalitchi, mmodzi wa ku Zambia, ena a ku Blantyre, atavala zitenje pamwamba pa mabuluku a nyengo yozizira. Anandigwaditsa pa konkire yonyowa kuseri kwa nyumba. Manja awo anali olemera pamutu panga. Ankati ndatsegula khomo, ndamanga ulendo wa bambo anga, mzimu wa ku Mexico utuluke. Mmodzi sankadziwa n'komwe kuti Mexico ndi dziko, ankangolitchula ngati dzina la munthu. Ankolo anaika katoniyo pa mbaula yootchera nyama, koma kunkawaza mvula ndipo moto unkangozima. Mtumiki wa Mulungu, nsapato zoyera zili m'matope, anatha bokosi la machesi asanagonjetse katoni ya konifulekisi. Pamapeto anathira mafuta ophikira. Utsi wake unanunkha chipisi, ndipo azimayi aja analulutira.

Amayi anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, osaimba, osaletsa.

Ine ndinakhulupirira. Ichi n'chimene sindidzawakhululukira anthu aja. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anayenda miyezi akudziwa kuti bambo ake sakubwera chifukwa cha iye. Aphunzitsi atafunsa za ntchito yanga ndinati yatayika m'basi. Ndinasala chakudya cha masana kusukulu, ndikupempha kuti nditsekule chimene ndinatseka.

Ndinali wamkulu kale pamene ndinamva kuti nthawi imeneyo bambo anali atakwatira mkazi wina ku Area 25, ndipo mapepala sanawapemphe n'komwe. Unkhoswe wa ukwatiwo, mbali ya kuchimuna, unakambidwa pa foni ya m'nyumba yathu, amayi ali ku shifiti. Woukamba anali ankolo. Ankadziwa kuti nkhaniyi ikaphulika, sofa ya amayi sakhala nayonso. Kunafunika wina woti asenze mlandu, ndipo mwana ndi katoni yake anali pafupi. Azimayi aja nawonso ena ankadziwa. Nkhani za kumudzi zinkafika ku holo kuja msanga kuposa nyimbo zatsopano.

Tsiku la nyumba linafika ndithu, poti masiku samva pemphero la munthu. Chizindikiro chofiira chija chinali chidakali pa kalendala. Ndinabwera kuchokera kusukulu mothamanga, kunja kutayamba kale kuda ngakhale unali usana, ndili ndi kachiyembekezo kamene ndinkachita nako manyazi. Amayi anali pa tebulo akusenda anyezi, m'maso muli gwa. Pasanapite nthawi ankolo anatuluka m'chipinda atavala jekete yakuda ija, manja ake aatali kuwaposa, akudzigomera pa galasi.

"Ndi ya adadi imeneyo," ndinatero.

"Kunja kukuzizira," anatero amayi, osadzutsa mutu. "Isangokhala pachitseko."

Madzulo ake ndinatola pulasitiki ija pansi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuisunga m'dirowa yanga. Ndinkaganiza kuti jeketeyo angobwereka, ndipo ikadzabwezedwa idzafunika chovindikira kuti bambo adzaipeze yopanda fumbi.