A Matewere, Tcheyamani Wokhoma Zidebe

Amisiri akamawotcherera geti pafupi ndi pomwe ndimalondera ku Madinat Khalifa kuno ku Doha, fungo la chitsulo chopsa limandibweza ku Bangwe, kuseri kwa nyumba yathu ya zidina, komwe agogo anga aamuna, a Matewere, ankakhala pachitsa atapana chidutswa cha njanji ndi miyendo, akukhoma zidebe, mbaula ndi makoloboyi. Utsi wa makala unkasakanikirana ndi fungo la mtovu wosungunuka komanso penti yonyeka ya migolo yakale, ndipo kulira kwa hamala yawo kunkamveka mpaka kumpopi. Ntchito yanga inali yokupiza moto ndi katoni mpaka maso atafiira.

Anandilera ndi iwowo pamodzi ndi azakhali anga a Esinati. Bambo anga a Yohane anatengedwa ine ndikukwawa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Tsiku lina pasiteji anyamata a chipanicho anaimitsa mayi woyembekezera, ati agulirenso khadi mwana wam'mimba. Bambo anangofunsa kuti, "Kodi iyeyo mwamufunsa ngati akufuna?" Anthu anaseka chamumtima, koma wina anakanena. Galimoto inakawatenga kuntchito, ndipo sanabwerenso. Amayi anadikira zaka, kenako abale awo anadzawatenga, amayiwo n'kukakwatiwanso ku Mulanje.

Ndili ndi zaka za sukulu ya pulayimale, mphepo inayamba kusintha. Kunabadwa chipani china chomwe chinayamba mobisa, anthu akukumana m'nyumba ngati akuzonda odwala. Agogo analowamo msanga, ndipo zinthu zitayera anawasankha kukhala tcheyamani wa nthambi ya m'dera lathu. Pavoti yofunsa ngati anthu akufuna zipani zambiri, chizindikiro cha ofuna kusintha chinali nyali, choncho makoloboyi awo sankagonera. Ena ankawapatsa anthu ulere, azakhali n'kumadandaula kuti ndale sizidyedwa.

Sanapite patali ndi sukulu, koma zomwe chipani chawo chinkakhulupirira ankazinena momveka kuposa akuluakulu obwera pagalimoto. Ankati munthu ndi mwini wa pakamwa pake, mwini wa pemphero lake ndi mwini wa malonda ake. Ankati boma ndi wantchito wolembedwa ndi anthu, likalephera lipakire. Koma mfundo yomwe ankaibwereza, hamala ili m'mwamba, inali ya khoti.

"Mada, tamvera," ankatero. "Munthu asadzasowenso ngati singano. Walakwa, apite kukhoti masana dzuwa likuswa mtengo, abale ake akuona."

"Ndiye tikawina bambo abwera?" ndinawafunsa tsiku lina.

Anatembenuza chidebe kangapo ngati akufuna pomwe chikudontha. "Tikawina zitseko zitsekulidwa. Kupiza moto."

Nyali itapambana pavoti ija, zitseko zinatsekulidwadi. Anthu omwe anatsekeredwa popanda mlandu anayamba kufika m'makomo, oonda, ena atachita imvi asanakalambe. Agogo ankavala jekete lawo la kutchalitchi n'kunditenga kudepoti ya mabasi ku Limbe. Tinkaima pafupi ndi ogulitsa nzimbe, iwo akuyang'ana nkhope ya mwamuna aliyense wotsika. Ine nkhope ya bambo sindinkaidziwa, ndiye ndinkangoyang'ana nkhope ya agogo. Tinapitako maulendo ambiri, mpaka tsiku lina anangopachika jeketelo n'kubwerera pachitsa chawo.

Chipani chawo chinapambana chisankho. Makhadi anatha, sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, mavenda anadzaza m'misewu, atsikana anayamba kuvala mathalauza poyera. Ku Bangwe anthu anavina mpaka fumbi kutseka dzuwa.

M'masiku achisangalalo omwewo, masana ena tinamva nyimbo ndi mluzu zikubwera chakwathu. Anali anyamata a nthambi ya agogo, atanyamula zibonga, akukankha bambo wina wamalaya ong'ambika, magazi akutuluka pamphumi. Ndinawazindikira: anali a Sikelo, omwe kale ankagulitsa makhadi pageti la msika.

"A Tcheya, tabwera naye!" anakuwa mtsogoleri wawo. "Waulula yekha. Amene anakanena a Yohane ndi uyu. Nenani inu, tithane naye pompano."

Azakhali anatuluka m'nyumba akulira, atanyamula chikuni. Ineyo ndinatola chidutswa cha lata chakuthwa. Ndinkafuna ndimucheke nacho, sindibisa.

Agogo anaika hamala pansi. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kuima kutsogolo kwa a Sikelo.

"A Sikelo, mwana wanga ali kuti?"

"Sindikudziwa, a Matewere. Mulungu ndi mboni. Ine ndinangotchula dzina basi. Komwe anapita naye sanandiuze."

"Munangotchula dzina."

"Eya, bambo."

Kenako agogo anagwira a Sikelo padzanja, kuwalowetsa m'nyumba mwathu, n'kutseka chitseko, iwo n'kuima pakhomo.

"Madala, mwapenga kodi?" anatero mnyamata uja. "Uyu anakuphererani mwana!"

"Mwana ndi wanga, ululu ndi wanga. Inu musandiphunzitse," anayankha agogo. "Tinkayenda usana ndi usiku kuuza anthu kuti kutenga munthu popanda khoti kwatha. Lero mukufuna tiyambirenso pakhomo panga? Ngati ndi choncho, ndiye tangosintha nsalu, chipani n'chomwe chija."

Anatukwanidwa tsiku limenelo mawu oti sindingawalembe. Miyala ingapo inagwa padenga. Iwo sanasunthe mpaka anyamata atatopa n'kubalalika. Madzulo anaperekeza a Sikelo kupolisi n'kukadandaula mwalamulo. Atabwerako anapita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akulira mokweza ngati mwana. Aka kanali koyamba kuwamva akulira. Azakhali anatha mwezi osawalankhula.

Mlanduwo sunapite kulikonse. Ankangowauza kuti abwere sabata yamawa, mpaka a Sikelo anayambanso kuyenda m'misewu momasuka. Kunthambi anati a Matewere agulidwa ndi adani, ndipo anawachotsa pampando. Pampandopo panakhala mwini bala wina yemwe nthawi yovuta ija sankaoneka n'komwe. Zaka zikupita, misonkhano inasanduka yogawa nsalu ndi kuimbira munthu mmodzi, ndipo wofunsa funso ankakumana ndi anyamata a zibonga. Agogo analeka kupitako. Koma tsiku lovota ankadzuka m'mamawa, ndipo ndikawaseka kuti akuvoterabe anthu omwe anawataya, ankati, "Anthuwo ndi amene asochera. Mfundo zija sizinalakwe kanthu."

Nditakula, ntchito inasowa. Mwayi wa kontirakiti ya ulonda ku Qatar utapezeka, ndinapita kukawatsanzika. Maso anali atachita khungu, manja osathanso kugwira hamala. Anandifunsa ngati kumeneko kuli zipani. Nditati ayi, anapukusa mutu.

"Ndiye ukasamale pakamwa. Uli ndi pakamwa pa bambo ako."

Munthu yemwe moyo wake wonse ankalalikira kuti aliyense alankhule, anandiuza kuti ndikakhale chete. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, osafuna kulisiya.

Uthenga unandipeza ndili pashifiti, dzuwa likuwotcha ngati mbaula. Azakhali anaimba foni n'kungoti, "Mada, agogo ako atisiya." Ndinapita kwa supavaiza kukapempha livi. Anandimvera bwinobwino, anapepesa, kenako anati pepala liyenera kudutsa kuofesi, ndipo tikiti ndi yanga. "Inshallah, Mulungu akalola, sabata yamawa." Kwathu maliro sadikira sabata. Ndinabwerera pageti, n'kumatsegulira magalimoto ndi kuwapatsa moni eni ake.

Kuchipinda chathu kudera la Old Airport, anzanga Achimalawi ndi m'bale wina wa ku Chipata anakhala nane pansi n'kuimba nyimbo ziwiri za maliro motsitsa mawu, kuopa kusokoneza ogona a shifiti ina. Mawa lake azakhali anandifotokozera za mwambo. Kuchipani sikunabwere munthu, ngakhale kansalu koyala pabokosi. Anabwera okhoma zidebe anzawo, amayi a kumpopi, ndi a mpingo. A Sikelo nawo anabwera, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakhala patali pansi pa mtengo wa mapeyala, sanadye, ndipo anachoka bokosi lisanatsike.

Chisankho chapitachi chikuyandikira, m'chipinda mwathu munkatentha ndi mikangano. Pali mnyamata wina wa ku Kasungu, woyendetsa galimoto kudera la Nuaija konkuno, yemwe amakonda kunena kuti nthawi ya chipani chimodzi kunali mtendere, akuba kunalibe, ndipo omwe anasowa anazifuna okha. Iye sanabadwe n'komwe nthawi imeneyo. Tsiku lina anzanga anakwiya nati, "Khalas, zakwana, atuluke ameneyu, akafune rumu ina!" Onse anayang'ana ine, poti nkhani ya bambo amaidziwa. Ndinati, "Musiyeni amalize. Akamaliza ndimuuza za a Yohane." Anamaliza, ine ndinamuuza. Sindikudziwa ngati anasintha maganizo. Akugonabe bedi la pamwamba pa langa.

Kontirakiti ikatha ndidzapita ku Bangwe, azakhali akandilozere pomwe agogo agona. Ndidzalambula pamenepo, ndidzagwada. Ndikadzadzuka, mwana wanga wamkazi adzandifunsa kuti manda a agogo ake a Yohane ali pati, poti wayamba kale kufunsa pafoni. Ndidzamuuza zoona: sitikudziwa, ndipo amene anafunafuna kuposa tonse ndi awa agona apawa.